Lole Ikapindika Pamsewu: Kuteteza Moyo ndi Kufunsa Chipukuta Misozi

CHOLINGA CHA PHUNZIRO

Pomaliza phunziro lino tikhale titadziwa zinthu zitatu: chimene chimachititsa kuti lole ya thirela ipindike pamsewu, zoyenera kuchita ngozi ikagwa, ndi njira imene malamulo a dziko lino anaika kuti munthu wovulala, kapena banja la womwalira, alandire chipukuta misozi.

MAU OYAMBA

Ife a ku Mpingu, Msundwe ndi Namitete timakhala m'mphepete mwa msewu waukulu wa M12, wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji mpaka kuchipata cha Mwami, polowera ku Chipata m'dziko la Zambia. Anzathu a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma nawonso amatulukira m'misewu ya tala akamapita kumsika, kuchipatala kapena ku tauni. Usana ndi usiku m'misewu imeneyi mumadutsa malole akuluakulu onyamula feteleza, simenti, chimanga, soya ndi mafuta a galimoto. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, malole a mabelo amachuluka koposa.

Malolewa ndi othandiza, pakuti popanda iwo feteleza sangafike m'dera lathu ndipo mbeu zathu sizingafike kwa ogula. Koma msewu womwewo ndi umene ana athu amaoloka popita kusukulu, ndi umene amayi amayalamo tomato tsiku la msika, ndiponso ndi umene anyamata a kabaza amapezerapo chakudya. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka ndi chaka pa ngozi za pamsewu, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi njinga zamoto. Tikamva zimenezi tidziwe kuti akunena za anthu onga ife.

1. KODI LOLE IMAPINDIKA BWANJI?

Lole ya thirela ili ndi mbali ziwiri. Kutsogolo kuli mutu, mmene muli injini ndi dalaivala. Kumbuyo kuli thirela, imene imasenza katundu. Ziwirizi zimalumikizidwa pamalo amodzi okha: pamsana pa mutu pali chitsulo chonga mbale yaikulu, ndipo pansi pa thirela pali chimsomali chimene chimalowa m'mbalemo. Mfundo imeneyi ndiyo imalola lole yaitali kukhota pa ngodya. Koma mfundo yomweyo ndiyo imabweretsa ngozi.

Dalaivala akaponda mabuleki mwamphamvu ndi modzidzimutsa, matayala a kumbuyo kwa mutu angathe kuuma, kuleka kuzungulira n'kuyamba kutsetsereka. Tayala lotsetsereka siligwira msewu. Tsono thirela, imene ndi yolemera kuposa mutu, imapitiriza kukankha. Imakankhira matako a mutu kumbali, mutuwo n'kutembenuka mpaka kukagundana ndi nthiti za thirela yake yomwe, monga umachitira mpeni wopinda tikamaubweza m'chigwiriro. Pa Chingerezi ngozi yotere amaitcha jackknife, ndipo mau amenewa tingakumane nawo m'makalata a inshulansi. Nthawi zina amene amauma ndi matayala a thirela. Zikatero mutu umapita bwinobwino, koma mchira umapatukira kumbali n'kusesa chilichonse chimene chili m'njira yake.

Tiyeni tione kukula kwa chinthu chimene tikunenachi. Matumba 600 a feteleza olemera makilogalamu 50 lililonse ndi matani 30, osawerengera kulemera kwa lole yeniyeniyo. Thirela yonyamula kontena yaikulu ndi yotalika mamita 12 kapena kuposa, pamene msewu wa tala wa mbali ziwiri ndi pafupifupi mamita 7 m'lifupi. Choncho thirela ikapingasa imatseka msewu wonse n'kufika mpaka m'mbali, mmene ife timayenda poganiza kuti tili pabwino. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Dalaivala asanasunthe n'komwe phazi lake, lole yadutsa kale mtunda umenewo. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime mabuleki atapondedwa umawirikiza kanayi.

2. ZIMENE ZIMAYAMBITSA NGOZIYI

Choyamba ndi liwiro, makamaka pokhota ndi potsetsereka. Wothamanga kwambiri ndiye amakakamizika kuponda mabuleki modzidzimutsa.

Chachiwiri ndi msewu woterera. Mvula yoyamba imasakaniza fumbi ndi mafuta amene akhala akudonthera pa tala chilimwe chonse. M'dzinja, ngolo za ng'ombe ndi magalimoto ochokera m'misewu ya dothi amabweretsa matope pa tala pamphambano. Mchenga wokokoloka ndi madzi nawonso umatereretsa.

Chachitatu ndi katundu. Wina angaganize kuti lole yopanda katundu ndiyo yosaopsa, koma thirela yopepuka matayala ake amauma msanga chifukwa palibe chowapanikiza pansi. Katundu wopakiridwa mbali imodzi, wosamangidwa bwino kapena wopitirira muyeso nayenso amasokoneza kayendedwe ka lole.

Chachinayi ndi galimoto yosasamalidwa: matayala akutha, ndi mabuleki a mutu osagwirizana ndi a thirela. Malole ambiri atsopano ali ndi chipangizo chotchedwa ABS choletsa matayala kuuma, koma chipangizo chikaonongeka osakonzedwa sichiteteza munthu. N'chifukwa chake galimoto yotere iyenera kukhala ndi chiphaso cha COF chochokera ku nthambi ya boma ya Road Traffic, chosonyeza kuti inayesedwa.

Chachisanu ndi dalaivala wotopa, wosinza kapena woledzera. Mwini lole amene amaumiriza wantchito wake kuyenda usiku wonse osapuma ali ndi gawo pa mlanduwo.

Chachisanu ndi chimodzi ndi ife tomwe. Mbuzi yodumphira pamsewu, mwana wothamangira mpira, ngolo ya ng'ombe yopanda chowala usiku, wa kabaza wokhota osayang'ana m'mbuyo, minibasi yoima pakati pa msewu kuti itole munthu: zonsezi zimachititsa dalaivala kuponda mabuleki modzidzimutsa. Pofuna kupulumutsa mmodzi, lole imapindika n'kupha asanu.

3. TINGADZITETEZE BWANJI?

Poyenda pansi tiziyenda kudzanja lamanja kuti tiziona magalimoto akubwera kutsogolo kwathu. Usiku tizivala zowala, ndipo njinga ndi ngolo zikhale ndi nyali kapena zonyezimira. Tisaoloke kutsogolo kwa lole poganiza kuti ili patali. Tisaime kapena kupalasa njinga pafupi ndi lole imene ikukhota, pakuti matayala a thirela sadutsa mmene mwadutsa mutu, amadulira mkati. Tikumbukire kuti ngati ife sitikuona dalaivala pa galasi lake la m'mbali, ndiye kuti iyenso sakutiona.

Malonda tisayale m'mphepete mwenimweni mwa tala. Mafumu, makomiti a misika ndi makomiti a chitukuko a m'midzi angathe kugwirizana za malo ogulitsira otalikirako, ndiponso kupempha khonsolo ya boma la Lilongwe ndi bungwe la Roads Authority kuti aike zikwangwani ndi malo oolokera pafupi ndi sukulu ndi misika. Tipewenso kukwera matola pamwamba pa katundu wa lole. Kuwonjezera pa kuopsa kwake, kampani ya inshulansi ingathe kukana kulipira munthu amene anakwera galimoto yosaloledwa kunyamula anthu.

4. NGOZI IKAGWA

Ntchito yoyamba ndi kupulumutsa moyo, monga anachitira Msamariya uja amene sanafunse kaye mtundu wa munthu wovulalayo. Ena athamange mbali zonse ziwiri za msewu kukachenjeza magalimoto akubwera, kuti ngozi isabale inzake. Ngati taika nthambi pamsewu, tizichotse zonse zikatha. Wina aimbire foni apolisi ndi achipatala. Potuluka magazi tipanikize ndi nsalu yoyera. Munthu amene akudandaula khosi kapena msana tisamunyamule ngati thumba. Ngati n'kofunika kumusuntha, anthu angapo amugoneke pa thabwa kapena chitseko, mutu ndi thupi zili mowongoka. Tisampatse chakudya kapena chakumwa. Timutengere kuchipatala chapafupi, monga St Gabriel's ku Namitete kapena cha Kabudula. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central.

Pali zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzikana kotheratu. Choyamba ndi kutola katundu wa lole yakugwa. Kumeneko ndi kuba, ngakhale mudzi wonse utachita nawo. Pa thanki ya mafuta ndiye n'kudziitanira imfa. Pa 17 November 2016, ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu anaunjikana kutunga petulo pa thanki imene inali pa ulendo wobwera ku Malawi. Thankiyo inaphulika, ndipo anthu oposa 70 anafa, ena mwa iwo ana. Tikamva fungo la mafuta, titalikire, ndipo pasapezeke wosuta fodya kapena woyatsa moto.

Chachiwiri ndi kumenya dalaivala kapena kutentha galimoto. Mkwiyo pa maliro ndi womveka, koma kulanga munthu ndi manja athu ndi mlandu. Komanso tikatentha lole timatentha umboni wathu womwe: matayala akutha, mabuleki oonongeka ndi chiphaso cha inshulansi. Lamulo limafuna kuti dalaivala aime, athandize ovulala ndi kukanena kupolisi. Ambiri amathawa chifukwa choopa gulu. Tikamuteteza dalaivala, tateteza mlandu wa m'bale wathu.

Pakhale munthu mmodzi wodekha woti alembe izi: tsiku, nthawi ndi malo, nambala ya mutu ndi nambala ya thirela, pakuti zimakhala zosiyana, dzina la kampani lolembedwa pa chitseko, dzina la kampani ya inshulansi lopezeka pa chiphaso chomatidwa pa galasi lakutsogolo, ndi maina a mboni. Amene ali ndi foni yojambula ajambule mmene galimoto yaimira ndi mizere ya matayala pa tala, koma asajambule ovulala ndi omwalira n'kumatumiza pa WhatsApp. Nawonso ali ndi ulemu wao.

5. CHIPUKUTA MISOZI: ZIMENE MALAMULO AKUNENA

Pa ngozi imodzi pamatuluka milandu iwiri yosiyana. Woyamba ndi wa boma: apolisi amatengera dalaivala kukhoti chifukwa choyendetsa mosasamala. Akalipitsidwa faindi, ndalamayo imapita kuboma, osati kwa wovulala. Wachiwiri ndi wa wovulala mwini wake, wofunsa chipukuta misozi. Mlandu umenewu suyamba wokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lamulo la Road Traffic Act la 1997 likuti galimoto yoyenda pamsewu iyenera kukhala ndi inshulansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze kapena kuwapha. Lamulo lomweli limalola wovulala kusumira kampani ya inshulansi mwachindunji. Angasumirenso dalaivala, ndiponso mwini lole ngati dalaivalayo anali pa ntchito ya bwana wake. Malole ochokera kunja, monga ku Zambia, nawonso amayenera kukhala ndi inshulansi. Ambiri amayenda ndi chiphaso cha COMESA chotchedwa Yellow Card, chimene chimalola kuti nkhani yake iyendetsedwe konkuno.

Kuti munthu alandire, ayenera kusonyeza kuti ngoziyo inachitika chifukwa cha kusasamala kwa dalaivala kapena mwini galimoto. Ngati wovulala nayenso analakwitsa, khoti limachotsako gawo. Mwachitsanzo, tiyerekeze kuti khoti lapeza kuti kuvulala kwa munthu wina n'koyenera K4,000,000, koma gawo limodzi mwa magawo anayi a kulakwa linali lake chifukwa anapalasa njinga usiku popanda nyali. Munthuyo adzalandira K3,000,000.

Khoti limayang'ana ululu ndi kuzunzika, chilema kapena zipsera, zinthu zimene munthu sangathenso kuchita, ndi kuchepa kwa mphamvu zopezera ndalama. Mlimi ndi wa kabaza nawonso amawerengedwa, ngakhale salandira malipiro a pamwezi. Ndalama zimene taononga kuchipatala, pa mankhwala ndi pa mayendedwe zimabwezedwa ngati tili ndi malisiti. Munthu akamwalira, amene ankadalira iye, monga mkazi, mwamuna, ana ndi makolo, angafunse chipukuta misozi cha thandizo limene lawathera, pamodzi ndi zimene anaononga pa maliro. Tidziwenso kuti inshulansi iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingalipire. Zotsala zimafunsidwa kwa mwini galimoto ndi dalaivala.

Dalaivala kapena womuthandiza akavulala ali pa ntchito, ali ndi njira yakeyake pansi pa lamulo la Workers' Compensation Act la 2000. Nkhaniyo ikanenedwe msanga kwa bwana ndi ku ofesi ya Labour.

6. MLANDU WA KUKHOTI UMAOLA

Makolo athu anati mlandu suola. Pabwalo la mfumu zimenezi n'zoona, koma kukhoti ai. Ufulu wosumira kampani ya inshulansi mwachindunji umatha pakapita zaka 2 kuchokera tsiku la ngozi. Mlandu wa kuvulala wosumira dalaivala kapena mwini galimoto uyenera kuyamba pasanathe zaka 3. Kulemberana makalata ndi kampani sikuimitsa masiku amenewa. Banja limene limangomva "bwerani mwezi wamawa" lingadzadzidzimuke nthawi itatha.

Choncho tisonkhanitse msanga mapepala awa: lipoti la apolisi, lipoti la dokotala lofotokoza kuvulala, buku la kuchipatala ndi zithunzi za mafupa, malisiti onse, chiphaso cha unzika, ndipo ngati munthu wamwalira, kalata ya imfa ndi umboni wa ubale. Pepala lililonse tipange fotokope, imodzi tisunge kunyumba. Tikalipira ndalama ku ofesi ya boma tipemphe lisiti.

7. MISAMPHA YOYENERA KUIPEWA

Kusokoneza chipepeso ndi chipukuta misozi. Mwini lole akagula bokosi ndi ufa wa pamaliro wachita zaumunthu, ndipo tilandire ndi ulemu. Koma zimenezo sizilera ana amasiye. Tisalole kusayina kuti nkhani yathera pomwepo.

Kusayina kapena kudinda chala pa pepala limene sitinalimve. Kampani ikamalipira imasayinitsa kalata yonena kuti sitidzafunsanso kanthu. Tisasayine dokotala asananene mmene chilemacho chidzakhalire. Pepala la Chingerezi atiwerengere munthu wathu amene timamukhulupirira. Safunsa anadya phula.

Madobadoba. Pali anthu amene amazungulira m'zipatala ndi m'maliro kulonjeza ndalama zamsanga, natenga mapepala a wovulala. Loya tidzisankhire tokha, tikafike ku ofesi yake, timuone maso ndi maso, ndipo tigwirizane za malipiro ake molemba. Ndalama zikatuluka tili ndi ufulu woona kalata yosonyeza zonse zimene kampani yalipira. Amene sangathe kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu. Dandaulo lokhudza loya limapita ku Malawi Law Society, ndipo lokhudza kampani ya inshulansi limapita ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani amenewa. A komiti ya Chilungamo ndi Mtendere pa parishi angatilozere njira.

Bodza. Kulembetsa dzina la munthu amene sanali pa ngozi, kapena kugula lipoti lokulitsa bala, ndi mlandu wa chinyengo. Kumachititsanso kuti ovulala enieni azikayikiridwa ndi kuchedwetsedwa.

Kulanda za amasiye. Ndalama za womwalira ndi za amene ankamudalira. Si za mwini mbumba kapena achibale amene angotulukira atamva za cheke. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti kulanda chuma chotere ndi mlandu. Gawo la ana lisungidwe kubanki kuti liwathandize pa sukulu.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Fotokozani m'mau anuanu mmene lole ya thirela imapindikira. N'chifukwa chiyani munthu woima m'mbali mwa msewu salinso pabwino?
2. Ndi malo ati m'dera lathu amene ali oopsa kwambiri? Ndi makhalidwe athu ati amene amaonjezera ngozi pamalopo?
3. Lole ya feteleza yagwa pafupi ndi mudzi wathu ndipo anthu ayamba kutola matumba. Tinganene chiyani, ndipo tingachite chiyani?
4. Mayi wina mwamuna wake anagundidwa ndi thirela miyezi 18 yapitayo. Mwini lole anagula bokosi, koma palibe china chachitika. Timulangize zotani? Watsala ndi nthawi yotalika bwanji?

ZOTI TICHITE

Mphakati uliwonse usankhe anthu awiri odziwa kulemba oti azithandiza mabanja kusonkhanitsa mapepala ndi kuwerenga masiku. Tiyendere amene anavulala kale m'midzi mwathu, timve pamene nkhani zao zinaima. Tipemphe aphunzitsi ndi makomiti a sukulu kuti pakhale wamkulu woolotsa ana m'mawa ndi poweruka. Lamulungu lachitatu la mwezi wa November ndi tsiku limene dziko lonse limakumbukira anthu amene anafa ndi kuvulala pa ngozi za pamsewu. Tsiku limenelo tiitane apolisi a pamsewu ndi madalaivala a m'dera lathu kuti tidzakambirane pamodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.